Kachulu Pambali pa Phiri

Mu labotale ya kemisitiri, a Dokotala ankagwira ntchito ndi mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo. Mlamuyo ankayendetsa makina owomba ekisirei pa molekyulu n'kuthothola elekitironi ya m'katikati mwa atomu, ndipo makinawo ankajambula mphamvu yake ngati phiri pa sikirini. Ntchito ya a Dokotala inali kulosera chithunzi chomwecho ndi masamu a pa kompyuta.

Pa molekyulu ina ya maatomu awiri a chitsulo, makina anajambula phiri limodzi. Masamu anatulutsa phiri ndi kachulu pambali pake.

"Alamu, kachuluka mwakatola kuti?" anaseka mlamuyo. "Kapena ndi ntchentche yatera pa sikirini?"

Mkulu wa dipatimenti sanaseke. "Gwiritsani ntchito njira yachidule ya masamu ija, imagwirizana ndi makina. Apo ayi, malo anu pa kompyuta yaikulu ndipatsa ena."

Popanda kompyuta imeneyo, kafukufuku wawo akanafera m'mazira. Komabe a Dokotala anakana. Njira yachidule imatenga elekitironi iliyonse ngati mlendo wodziyendera yekha. Koma m'molekyulu iyi maelekitironi ali ngati ana a mimba imodzi: ukazula mmodzi, otsala onse amagwedezeka, ndipo kugwedezekako kumadya mphamvu. Kachuluko kanali chizindikiro chake.

A Dokotala anapita kwa mlamu wawo. "Makina anu mumawathamangitsa ngati minibasi, n'chifukwa chake sakukaona kachuluko. Chepetsani kabowo kolowera maelekitironi, muyeze pang'onopang'ono."

"Zitenga sabata yathunthu zimenezo!"

"Achimwene anu anandidikira zaka ndisanawalole. Inu sabata yakukanikani?"

Mlamuyo anapukusa mutu, n'kuchepetsa kabowo. Poyamba sikirini inangodzaza timadontho ngati mchenga womwazika. Anzawo podutsa ankatsinana. A Dokotala ankabwera m'mawa uliwonse, kuyang'ana, n'kubwerera ku desiki yawo. Tsiku ndi tsiku mchengawo unkakhazikika.

M'mawa wa tsiku logawa malo pa kompyuta, mlamuyo anatulukira m'khonde akukoka mkulu wa dipatimenti pa mkono wa jekete. Pa sikirini, pambali pa phiri panali kachulu, pamalo penipeni pomwe masamu analoza.

Mkuluyo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuyang'ananso. "Kompyuta ndi yanu, mayi."

"Alamu," anafuula mlamuyo, "ntchentche ija yamanga nyumba!"

A Dokotala anaika chala pa kachuluko, nkhope ili ngwee, n'kuseka mpaka ogwira ntchito m'zipinda zina anasuzumira. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.