Kutetera kwa Kameta

Chilape! Mwati nachize? Kwathu nthungululu zimayamba mwana asanabadwe. Iyayi amalume, si achule. Nanunso ana musandiyang'ane kukamwa, yankho lili m'nthanomu. Senderani kuno, utsi uzipita uko.

Kalekale, dzuwa lisanaphunzire kufulumira, pakhomo pa aNankwenya panali msoti wina dzina lake Kameta. Khosi lake linalibe nthenga ndi imodzi yomwe, lofiira psuu ngati tsabola wakupsa. Anzake akamapalasa kudzala, iye ankaima ndi mwendo umodzi, mutu chopendeka, kuyang'ana mitambo ngati ali nayo chibale.

Pakhomo pomwepo panalinso galu, dzina lake Tidyenawo, wonenepa, khosi ngati mtondo. Kosaka sapita, akuba sauwa. Ntchito yake inali imodzi basi, kutchera khutu. Thadzi likangoti ko-ko-ko-kweee, iye njo! Liwiro kuchisa, dzira kwapu, kumeza ndi chigoba chomwe. Osanunkhiza, osatafuna. Akatero ankapukuta kukamwa pa udzu, nakagona pakhonde, maso ngati wa mwambo.

ANankwenya akapita kuchisa, mulibe kanthu. Mawa lake, mulibe kanthu. "Nkhuku zanga ndi za phokoso chabe," ankatero. Tsono pamudzipo lamulo linali lodziwika: nkhuku yosaikira ndi ya alendo. Ndimo mmene anapitira azakhali ake a Kameta, tsiku lija kunabwera ankhoswe. Nthenga zawo zinauluka kuseri kwa khitchini, ndipo mafupa awo anaponyeredwa Tidyenawo yemweyo.

Mmawa wina Kameta anadzuka kumaso kutafiira, m'chifuwa muli kanthu kobwata. Kr-r-r, ko-ko-ko. Anatseka mlomo. Ko-ko-ko. Anabisa mutu m'phiko. Ko-ko-ko-ko! Mawuwo ankangotuluka okha ngati kuyetsemula.

Asanapume n'komwe, Tidyenawo anali atafika, mchira uli pikupiku.

"Mlamu, ndamva."

"Mwamva chiyani, achimwene?"

"Watetera. Lili kuti?"

"Ine ndangotsokomola. Khosi lopanda nthenga ili, mphepo imandilowa."

Galu anafwenkha pa udzu, anafwenkha pansi pa nkhokwe. Palibe. "Chabwino," anatero. "Koma umve. Loyamba ndi langa, lachiwiri ndi langa. Enawo tidzakambirana."

Masana omwewo aNankwenya akupeta chimanga, anamuloza Kameta ndi chibwano. "Nawenso wayamba kusokosa ngati azakhali ako? Apongozi anga akubwera tikamaliza kukolola. Ndisapeze dzira, ndiwo ndiwe."

Kameta anathamangira kwa Tambala, amene ankadzikonza nthenga pamwamba pa khola.

"Bambo, tithandizeni. Galu akutitha."

"Mwana iwe, ine ntchito yanga ndi kudzutsa dzuwa. Ukudziwa kulemera kwake dzuwa? Za mazira kafunse amayi."

Kameta anakaima pa mwendo wake umodzi uja, kuyang'ana mitambo. Anaganiza, anaganiza. Dzira analibe, koma galu anathamanga. Dzira analibe, koma chigalu chonsecho chinadzuka pakhonde. Anaitana misoti inzake, imenenso inkayenda itamanga milomo kuopa kumveka.

"Anzanga, nyimbo yatifikira mazira asanafike. Tikuibisiranji? Tiyeni tiimbe, aliyense kwake."

Mawa lake kutacha, kuseri kwa nkhokwe kunamveka ko-ko-ko-kweee! Tidyenawo njo, liwiro. Palibe. Kunthochi, ko-ko-ko-kweee! Liwiro. Palibe. Kuseri kwa bafa, kudimba, pamwamba pa chulu, ko-ko-ko-kweee! Galu uku, galu uko, lilime lili lende, mimba ikugunda pansi. Mwayankhidwatu pamenepo amalume: nthungululu mwana asanabadwe, imeneyo ndi misoti.

M'phokoso limenelo mathadzi akuluakulu ankaikira mwaufulu, ndipo aNankwenya ankatola mazira galu ali kutali, akukanda pachulu. Tidyenawo anataya mtima. Nthiti zinayamba kuoneka. Koma galu wadyera si wopusa masiku onse. Tsiku lina anamutsekera Kameta njira, ali wefuwefu.

"Ndakudziwa, kakhosi kofiira iwe. Woyambitsa ndiwe. Kuyambira lero enawo aziimba mpaka mawu athe, ine ndili pambuyo pako."

Ndipo anaterodi. Kameta kukamwa madzi, galu pambuyo. Kameta kudzala, galu pambuyo. Chimanga chinatha kumunda, nkhokwe inadzaza, uthenga unafika kuti apongozi anyamuka mawa. ANankwenya ananola mpeni pamwala, kwe, kwe, kwe. Ndipo tsiku lomwelo Kameta anamva kanthu kolemera kakutsika m'mimba mwake. Dzira linali pafupi. Akaikira, galu ameza. Akapanda kuikira, mpeni.

ANankwenya ankaphika thobwa la alendo pabwalo, ndipo m'phulusa la motowo anali atakwiriramo mbatata zoti adye akutakasa. Dzuwa lili pamutu anaziphula ndi kamtengo, nazisiya pambali, nalowa m'nyumba kukatenga chimera. Tidyenawo anali pamthunzi, tulo tikumukoka, khutu limodzi lokha lili chilili.

Kameta anayang'ana mbatatazo. Panali kamodzi kakang'ono, kobulungira, koyera mbuu ndi phulusa. Anakakankha ndi mlomo. Mayo, kutentha kwake! Misozi inalengeza, koma anati duu. Anakankhanso, nakankhanso, mpaka kambatata kanagwera m'kadzenje kamene iye ankasambiramo fumbi. Ananyonyomala pamwamba pake, osakhudza, mapiko tambalale. Kenako ululu wonse wa kumlomo uja anautulutsa m'nyimbo.

Ko-ko-ko-ko-kweeee! Ko-ko-kweeee!

Chiyambire pamudzipo sipanamvekepo kutetera kotero. Tambala yemwe anasuzumira.

Tidyenawo anafika fumbi lili koboo. "Choka!"

"Achimwene, pepani, ndi loyamba. Ndisiyireni ndiliwonetse kwa mayi."

"Ndati choka! Wandithamangitsa mudzi wonse, lero ndipeputse mtima."

"Ndiye dikirani lizizire. Langobadwa kumene."

"Lofunda ndiye lokoma."

"Nanga mulitafune bwino, lingakutsamweni."

"Iwe mwana wa dzulo, undiphunzitsa kudya dzira ine? Chibadwire sindinatafunepo!"

Kameta anadumphira pambali. Galu anangoona choyera, chobulungira. Kwapu!

Ana inu, mumaidziwa mbatata yootcha mmene imachitira. Kunja imaoneka yofatsa, moto wonse uli m'kati. Itaphwanyika m'kamwa mwa Tidyenawo inamata kumwamba, inamata ku lilime. Kumeza, osatheka. Kulavula, osatheka. Galu anaima kaye, maso tong'o, ngati wakumbukira kanthu. Kenako bwe! bwe! bwe! Anazungulira nkhokwe, anadzigubuduza pansi, anakanda kukamwa ndi miyendo yonse iwiri. Anathamangira ku mtsuko wa madzi, naugwetsa, phwa! ANankwenya anatuluka ndi mthiko m'manja.

"Galu iwe wapenga? Mtsuko wanga! Mbatata zanga!"

Mthiko pamsana, pha! Tidyenawo analowa m'tchire, kulira kwake kukumveka mpaka kumtsinje.

Pabwalo pali chipwirikiti chotero, Kameta anakwera pakhonde pang'onopang'ono, nalowa m'lichero la aNankwenya, nakhala phee. Pano sanaimbe. Mawu anali atathera kuja. ANankwenya pobwera kudzatenga lichero anapeza msoti ukutuluka, ndipo pa madeya panali kadzira kakang'ono, kofunda.

"Ha! Kadzira ngati ka njiwa." Anakatembenuza m'manja, anayang'ana mpeni, anayang'ana Kameta. "Koma dzira ndi dzira. Pita, mwana wanga."

Apongozi atafika anadyera matemba. Anathokoza ndithu, koma nkhope inali yaitali, maso akuponya kwa nkhuku zimene zinkayendayenda pabwalo.

Tidyenawo anabwerera kumudzi njala itamukola, lilime litasupuka. Galu wa pakhomo loyandikana anamufunsa chimene chinachitika.

"Mnzanga, usayese," anayankha movutikira. "Misoti ya masiku ano imaikira moto."

Kuyambira pamenepo, nkhuku ikangoti ko-ko-ko, Tidyenawo ankanyamuka ndithu, koma kulowera kwina, mchira pakati pa miyendo. Mazira anadzaza m'zisa, anadzaza m'dengu. Ndipo mpaka lero msoti ukayandikira kuikira umayamba wasokosa kaye popanda kanthu, diso limodzi lili kumbali, kuona amene adzuke pakhonde. Khutu likathamanga kusiya mphuno m'mbuyo, wolipira amakhala pakamwa.

Nthano yanga yapsa, yathera pompa. Kaphuleni mbatata pamotopo, koma muyambe mwauzira. Amalume, ndikunena inu.

Kamtsikana kena kamene kanali katatsamira pa bondo la mayi ake kanadzutsa mutu, kanayang'ana akuluakulu mmodzimmodzi, kenako kanafunsa wokamba nthanoyo.

"Achemwali, nanga mazira amene galu anasiya aja, ankadya ndani?"