Nyumba ya Bwana Tsabola

Kalekale, koma si kale loti mboni zonse zinatha ayi, enafe tikadapuma, panali esiteti ya fodya kuseri kwa phiri, njira yopita ku Mchinji. Mwini wake anali mzungu wa ku Mangalande. Dzina lake lenileni linkatipota lilime, ndiye tinkangoti Bwana Tsabola, poti akapsa mtima nkhope inkachita psuu.

Nyumba yake inali ya njerwa zowotcha, khonde kuzungulira mbali zonse. Khonde limenelo linali ngati la tonse. Sikelo ya ana inkachitikira pamenepo, maukwati a matenanti mvula ikavuta ankathawira pamenepo, madzi tinkatunga pa thanki ya kuseri. Koma m'kati, ayi ndithu. M'kati munkalowa ochapa ndi ophika okha. Ndipo ena mwa iwo, ine ndisaname, sankangochapa.

Dona wake atazitulukira analongedza masutikesi n'kubwerera kwawo ndi kamwana kawo kakakazi, Hilida. Bwana anatsala, nakalamba pakati pathu mpaka Chichewa chake chinaposa cha ena a inu. Tsiku lina pamaliro a kapitawo wake, masese atamufika m'mutu, anaimirira pagulu.

“Ine ndikadzafa mudzandiike ngati mnzanu, mwambo wonse. Ndipo nyumba yangayo ndi ya munthu mmodzi, amene adzaisunge kuti isagwe.”

“Mwambo wonse, Bwana? Mukuudziwa koma?” anthu anafunsa akuseka.

“Wonse! Osasiyako kanthu!”

Akuluakulu sanaseke nawo. Pajatu kwathu nyumba yotulukamo maliro sigonedwanso. Adzukulu okumba manda akangobwerako kokaika, amaigwetsa.

Patapita zaka Bwana anafa ziwalo mbali imodzi. Pakamwa panapotoka, mawu n'kutheratu.

Apa ndi pamene anthu atatu anaivutikira nyumbayo, aliyense m'njira yake. Woyamba anali Hilida. Anafika ali mayi wa imvi kale, wopanda mwamuna. Ena amati sanakwatiwepo, ena amati anathawidwa, ine ndimakhulupirira achiwiriwo. Anapeza chiswe chitadya mitengo yonse ya denga, mvula ikudonthera pabedi pa bambo ake, mabeseni ali mbwee pansi. Sanalire. Anagulitsa nyumba imene mayi ake anamusiyira ku Mangalande, nagula matabwa ndi malata atsopano. Mmisiri wamkulu anamuuza kuti, “Dona, mukanachedwa dzinja limodzi mukanapeza chulu pano.” Iye anangoti, “Chabwino,” poti Chichewa chake chinkathera pomwepo. Kwawoko analibenso pobwerera.

Wachiwiri anali Gilibati, woyang'anira zigafa zoumitsira fodya. Ameneyu anali mwana wa mkazi wa kuki. Kukiyo anali wakuda bii ngati ine ndemwe, koma mwana anatuluka woyera, makutu otambalala ngati mbale, ofiira akakhala padzuwa. Makutu otere pa esiteti yonse analipo anayi okha, awiri enawo mukudziwa kumene anali. Koma Bwana sanamutchulepo mwana. Ankangomuitana kuti “iwe.”

Chilimwe chimenecho osaka mbewa anatentha tchire. Moto unalumphira pa khitchini yaudzu yogundana ndi nyumba yaikulu, mphepo ikuukankhira ku matabwa atsopano aja. Ife tinkangokuwa ndi zidebe zopanda madzi. Gilibati anakwera pamwamba n'kuyamba kuzula udzu woyaka ndi manja ake, kuuponya pansi, mpaka moto unasowa podutsa. Nyumba inatsala. Zala zake zinapsa n'kumatana, moti khasu sagwiranso, fodya sasokanso. Bwana anaona zonse ali gone pakhonde. Atamubweretsa Gilibati pafupi, nkhalamba inangomuyang'ana, dovu likutsika.

“Akuti chiyani?” Gilibati anafunsa.

“Sakunena kanthu, achimwene,” tinamuyankha.

“Ndi momwemo chibadwire changa,” anatero, napita kukakhala pamthunzi.

Wachitatu anali Nachisale, wochapa zovala, yemwe uja anachititsa kuti Dona alongedze. Anali atakalamba nayenso, akukhala yekha m'kanyumba kaudzu kumapeto kwa nyumba za matenanti, kamene ankakazira yekha ndi dothi lakuda mpaka kuwala. Tsiku lina pomusambitsa Bwana anamva kuti mpweya wake wasintha. Hilida anathamangira ku boma kukatenga dokotala. Nachisale anayang'ana denga latsopano, nayang'ana wodwala, nakumbukira mawu a pamaliro aja. Anatenga wilibala, nayalamo gombeza, namukweza Bwana, miyendo ili lende. Dzuwa lili paliwombo anamukankha kudutsa pakati pa nyumba zathu zonse, tayala likulira kwii, kwii.

Ife kuthanki tinasiya kutunga. Mnzanga wina wapakamwa anakuwa kuti, “Inu a Nachisale, mpaka lero mukubabe amuna a eni?”

“Kale munkangomva,” anayankha osatembenuka. “Lero onani.”

Bwana Tsabola anamwalira pamphasa ya Nachisale dzuwa lisanapendeke. Maliro anatulukira pakhomo la Nachisale. Hilida pobwera ndi dokotala anapeza bedi lili lokha, ndipo atamuuza anangokhala pabedipo, chikwama chili pamiyendo.

Tinamuika monga ananenera. Adzukulu pobwera kumanda sanapite ku nyumba yaikulu ayi, analunjika kwa Nachisale ndi makasu awo. Iye anaima panja atanyamula simbi yake yamakala.

“Chitseko chokha mundisiyire, adzukulu.”

“Mwambo wonse, mayi. Anatero eni ake.”

“Chabwino, gwetsani.”

Kanyumbako sikanavute. Fumbi litatha, anatola mphasa ina kwa anansi n'kupita kukagona m'chigafa.

Tsono milomo ya anthu mukuidziwa. Ena amati Nachisale anapulumutsa nyumba, poti maliro akanatulukira mmenemo makasu akanagwera njerwa zimenezo. Ena amati bodza, ankangofuna kuti dziko lione kumene Bwana anali wake, ndipo analanda mwana wa eni mpweya womaliza wa bambo ake. Ena amati Hilida mwana wa m'nyumba ndiye mwini, ena n'kumati nanga zaka zonsezi anali kuti. Za Gilibati amati magazi ndi omwewo, koma mwini magaziwo anafa osavomera.

Makiyi a nyumba yaikulu anawapachika pamsomali pafupi ndi chitseko, ndipo palibe anawakhudza. M'mawa uliwonse atatuwo ankabwera kudzakhala pakhonde, wina uku, wina uko, wina pamasitepe, osakangana, osalira, kungoyang'ana kumunda. Sikelo ya ana tinaisamutsira pansi pa mkuyu, poti sitinkadziwa woti tikamupemphe khonde. Hilida ankagona m'galimoto. Iye akuti sangagone m'chipinda muli bedi lija mpaka anthu anene mwini nyumba. Gilibati ankadyetsedwa ndi mkazi wake ngati khanda, ndipo nyumba ya matenanti ankayenera kuituluka, poti ndi ya ogwira ntchito. Nachisale chifuwa chinamuyamba ndi fungo la fodya. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda.

Musandiuze zoti agawane zipinda, zimenezo tinayesa kale. Hilida anati sangagone denga limodzi ndi mkazi amene anathamangitsa mayi ake. Nachisale anati iye anatopa n'kulowera khomo la kuseri. Gilibati anangokweza manja akewo, natiyang'ana. Ndipo Bwana anati mmodzi, tonse tinamva ndi makutu athu.

Popanda malata a Hilida ikanagwa ndi mvula. Popanda manja a Gilibati ikanapsa. Popanda wilibala ya Nachisale ikanagwa ndi makasu athu omwe. Ine zanga ndili nazo mumtima, koma ndikanena mudzati ndimadana ndi Nachisale chifukwa cha nkhani ina yakale ya iye ndi malume anga. Ndiye nenani inuyo, mvula isanagwe: makiyi ali pamsomaliwo timupatse ndani, ndipo awiri otsalawo akagone kuti?