Madenga Awiri a Aphunzitsi Lingson

Aphunzitsi Lingson anali munthu wosadziwa kukana. Mukanawapatsa tiyi wopanda shuga, akanathokoza n'kupempha wina. Kwawo kunali ku Ntcheu, koma anakwatira Eveles wa ku Kaduya. Atapuma ntchito, zaka zimene sukulu zaulere zinali zitangoyamba, abale a mkazi wawo anawalozera malo omangapo. Ndalama za penshoni zinali za nyumba imodzi basi, ndipo ankadziwa kuti ina sadzamanganso.

Ku boma kunali a Walter, katswiri wojambula mapulani. Iwowa anajambula nyumba yachitauni, ya khoma lakutsogolo lalitali lobisa malata, denga lopendekera kumbuyo. Aphunzitsi mtima unagwa pomwepo. Koma kumudzi kunali a Makina, malume ake a Eveles, amene anamanga tchalitchi cha m'mudzimo popanda pepala lililonse.

"Akamwini, mukagule pulani ku boma ine ndili moyo?" anafunsa a Makina. "Dothi limeneli ndi la mbumba yanga."

"Ayi malume, nyumbayi ndi yanu," anatero aphunzitsi akuwomba m'manja. Mawa lake anakauza a Walter mawu omwewo.

Eveles atamva anagwira pakamwa. "Bambo, sankhani mmodzi. Winayo akwiya sabata imodzi, kenako aiwala."

"Iwe ukamwini suudziwa," anayankha aphunzitsi. "Ndagawa kale. Kutsogolo n'kwa a Walter, kumbuyo n'kwa malume."

Kwa a Walter ananena kuti ndalama zangokwanira zipinda zakutsogolo, ndipo a Walter anasiya pulani m'manja mwa amisiri n'kubwerera ku ofesi kwawo. Kwa a Makina ananena kuti zakutsogolozo ndi pabalaza chabe, nyumba yeniyeni ndi yakumbuyo. A Makina anapendeketsa denga lawo kutsogolo, kuti madzi asamagwere kukhitchini ndi kukhola. Choncho madenga awiriwo anaweramirana ngati mbuzi zofuna kugundana.

"Nanga madzi a mvula azidzera kuti?" anafunsa Eveles.

Funsolo linali lofunika kuti a Walter ndi a Makina akhalire pansi limodzi, koma kuwakumanitsa kukanaulula bodza. Aphunzitsi anangopinditsa lata limodzi n'kulilowetsa pakatipo, nati nkhani yatha.

Nyumba inatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Odutsa ankaima pamsewu kuiyamikira, aphunzitsi ali pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake. M'chipinda chapakati, pansi penipeni pokumanira madenga, Eveles anasanjamo matumba a chimanga ndi mpunga, chakudya cha chaka chonse.

Mvula ya kuphiri la Mulanje sibwera mochita kupempha. Masana ena mu Disembala inatsika ngati wina wakhuthula mgolo. Madzi a denga la a Walter anathamangira kumbuyo, a denga la a Makina anathamangira kutsogolo, ndipo lata lopinda lija silinachedwe kugonja. Pofika madzulo matumba anali atamira, khoma lapakati lomangira dothi litang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Eveles analira, pakuti ankaona njala ikulowa pakhomo.

Akatswiri aja anaitanidwa, ndipo kanali koyamba kuonana maso ndi maso. A Walter anagogoda khoma lakutsogolo. "Mbali yanga ndi youma. Pulani yanga inalibe nyumba ina kumbuyo."

A Makina anasisita lawo. "Yanganso gwirani muone, ili gwa!"

Anayang'anana, anaseka, n'kupatsana moni wa m'manja. Anatuluka limodzi akuyamikirana luso, a Makina n'kuwaperekeza a Walter mpaka pamsewu. Cholinga cha aphunzitsi chinakwaniritsidwa ndithu: palibe amene anakhumudwa.

Aphunzitsiwo anatsala chilili m'chipinda chapakati, madzi akuwadonthera padazi, mpunga utayamba kale kufufuma m'matumba. Eveles sanawakalipire. Anangowapatsa ambulera, m'nyumba mwawo momwe. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.