Ankhoswe Achibwibwi

Panali munthu wina wokhoma zidebe, wachibwibwi choopsa. Akayamba kukupatsani moni, munkayamba mwatula katundu, chifukwa sizinali zotha msanga. Pamisonkhano ankakhala kumbuyo, ali phee.

Mlongo wake anamwalira n'kusiya mwana wamkazi, dzina lake Eluby. Mwanayo atakula anapeza banja. Koma akuchimuna ananeneratu kuti: "Chinkhoswe sitichita ndi anthu obwereka. Abwere amalume ake enieni, apo ayi zalephereka." Ndipo malume analipo mmodzi yekha, yemwe uja.

"Mwa-mwana wanga," anatero, "ndi-ndikakuchititsa manyazi."

"Amalume, manyaziwo tikagawana," anayankha Eluby. "Nanga ndipite kwa yani?"

Tsiku litafika, malume uja anavala jekete, nanyamula nkhuku yathadzi yokapereka kwa akuchimuna monga mwa mwambo. Panjira anabwerera kawiri. Kachitatu anaima pamphambano mpaka nkhuku inayamba kusinza m'khwapa mwake. Koma anafika.

Nkhoswe yakuchimuna inali yodziwa kuyankhula. Inathira miyambi, inaseketsa anthu, ndipo anaiombera m'manja. Kenako maso onse anatembenukira kwa wokhoma zidebe. Anaimirira mawondo akuombana. Anatsegula pakamwa, mawu n'kukana. Atsikana ena anayamba kutsinana, Eluby anawerama. Koma wokhoma zidebe uja sanakhale pansi. Anayambanso.

"Mwa-mwana uyu alibe mayi. Ali ndi ine. Mu-mukadzatopa naye, musadzam'menye. Mu-mudzandiitane. Ndidzabwera, ngakhale wapansi, ku-kudzam'tenga."

Basi, anathera pomwepo. Nkhoswe yodziwa kuyankhula ija inavula chipewa, n'kulandira nkhukuyo ndi manja awiri. "Ife tayankhula zambiri," inatero, "koma amene anena mawu ndi awa." Azimayi anayimba nthungululu, ndipo ukwati unamangidwa tsiku lomwelo.

Ana anga, ndakusimbirani nkhaniyi chifukwa mwandifunsa za mawu a Chingelezi aja akuti falter. Odziwa amati poyamba ankanena za miyendo yodzandira. Kenako anafika pa lilime lodumphadumpha, pomaliza n'kulowa mumtima wokayikakayika. Kumene mawuwo anachokera kwenikweni, iwonso amangoganizira. Ine ndimam'konda wokhoma zidebe uja, chifukwa zonse zitatuzi zinam'gwira tsiku limodzi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chinam'bweza.

Nanunso miyendo idzakunjenjemerani, lilime lidzakukanani, ndipo ena adzaseka. Musachite nazo manyazi, n'za anthu zimenezo. Koma mukadzaimirira m'malo mwa munthu wina, musadzakhale pansi musanamalize.