Nkhanu ndi Botolo la Soda

Nkhanu, Nkhono ndi Korali ankakhala m'thanki yagalasi ya madzi amchere m'nyumba ya munthu wina, kutali kwambiri ndi nyanja yamchere kumene anabadwira. Nkhanu anali waphuma, Nkhono anali wodekha. Korali sankayenda n'komwe. Anali nyama yooneka ngati kamtengo kamwala, ndipo moyo wake unkadalira kuti madzi azikhala chimodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Pamwamba pa thankiyo panali mabotolo awiri okhala ndi timapayipi. Lina linali la madzi a soda, ndipo linkadontheza pang'onopang'ono kuti mafupa a Korali azilimba. Linalo, lalikulu, linali la madzi opanda mchere, owonjezera pang'ono m'thanki madzi akachepa.

Tsiku lina mwini nyumba atapita kumaliro kumudzi, Nkhanu anakwera pamwala kukafuna ndere, n'kuzula mwangozi chotsekera cha kapayipi ka soda. Botolo lonse linakhuthukira m'thanki. Madzi anatuwa ngati otsukira mpunga. Korali anabweza timanja take tonse, ndipo nsonga za nthambi zake zinapsa.

"Mayo ine, ndapha munthu!" anakuwa Nkhanu. "Achemwali, mukumva bwanji?"

"Kukuwotcha," anayankha Korali chapansipansi. "Koma ndilipo."

Nkhanu anathamangira ku kapayipi ka madzi opanda mchere. "Nditsegula madzi onsewa, asukulutse zoipazi lero lomwe!"

"Tsika, mphwanga," anatero Nkhono. "Kwathu kuja mvula inkagwa sabata yathunthu, koma nyanja sinkasintha kukoma, poti ndi yaikulu. Muno tili m'kabafa. Achemwaliwa madzi oipa amawapirira, chimene sapirira ndi madzi osintha mwadzidzidzi. Uzitsegula pang'ono m'mawa, n'kutseka. Soda wotsalayo adzamumaliza okha."

"Masiku angati?"

"Mwina khumi."

"Khumi! Inu a Nkhono, nyumba itamapsa mungayambe mwaufunsa moto kuti wadzuka bwanji."

Komabe Nkhanu anamvera. Kwa masiku awiri ankatsegula pang'ono, n'kutseka. Koma akadutsa pafupi ndi Korali, maso ake ankangothamangira pa nsonga zopsa zija, ndipo chakudya chinkamukanika. Korali sanamudzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka koposa. Akanamulalatira bwenzi zili bwino.

Tsiku lachitatu masana, Nkhono ali pagalasi la kutsidya, ulendo wa theka la tsiku kwa iye, Nkhanu anayang'ana madzi otuwawo nati mumtima: "Sindingaonerere zimenezi sabata ina." Anakwera, nazula chotsekera chonse. Madzi opanda mchere anakhuthuka mpaka botolo kuuma, ndipo m'thanki munayera mbee ngati galasi lenilenilo. Mtima wa Nkhanu unapepuka, mpaka anavina chammbali monga avinira a mtundu wake.

Nkhono anafika dzuwa litapendeka. Anapeza mnofu wa Korali ukusendeka pa nthambi ngati nsanza.

"Achemwali," anaitana Nkhanu, "ndakukonzerani madzitu. Taonani kuyera kwake."

"Ndaona, mphwanga," anatero Korali. "Koma soda uja ndinali nditayamba kumuzolowera. Dzulo ndinatulutsa kadzanja kamodzi, pa nthambi yapansiyi. Sunakaone?"

Nkhanu sanakaone. Masiku onsewo ankangoyang'ana pamene anawotcha.

Kutacha, pamwalapo panangotsala mafupa oyera. Mwini nyumba atabwera anayeza madzi, napukusa mutu, nanyamula mafupawo kukawaika pawindo. Nkhanu anakhala zaka zambiri m'thankimo, m'madzi oyera bwino, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pamwala wopanda kanthuwo mpaka Nkhono atamuitana kuti akadye.

Phunziro: Ukalakwitsa, usathamangire kukonza pongofuna kuti mtima wako upepuke. Yang'ana kaye zimene wopwetekedwayo angathe kupirira, ndipo ukonze pa liwiro lake, osati lako.