Ndani Adzasambitse Wonyongedwa

Che Ajilu Mkwanda anafika kwa Shehe Twaibu Likongwe ku Ntaja swala, pemphero la masana, itangotha, ife tili pakhonde la mzikiti. Mwana wa Che Mkwanda, Imedi, anaphedwa ndi khasu pa mkangano wa malire a dimba, ndipo womuphayo, Jafali, anali atapezeka wolakwa. Tsopano khoti linali litaitana bamboyo kuti akanene maganizo awo chilango chisanaperekedwe.

Atapereka salamu anati, "Shehe, Lolemba kukhoti ndikapempha chingwe, amunyonge. Kodi ndikulakwa?"

"Simukulakwa, Che Mkwanda. Wokhetsa mwazi akhoza kulipira ndi moyo wake. Kukhululuka kumaposa, koma palibe angakukakamizeni."

Ine ndinavomereza chamumtima. Ndinaphunzira kumishoni, ndipo mpaka lero ndimati dziko losalanga chigawenga limalanga osalakwa.

"Chikundiwawa n'chimodzi," anatero Che Mkwanda. "Akuti wonyonga amayamba wamukweza munthu pasikelo, n'kuyeza chingwe, kuti afe msanga osamva ululu. Imedi wanga anamuganizira ndani? Anabuula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikufuna uyu naye aphupheko."

Shehe anati, "Pepani, ndifunseko. Maliro a amuna pamzikiti pano amasambitsa ndani?"

"Mukufunsa chomwe mukudziwa. Ndine, kuyambira ndevuzi zili zakuda."

"Madzi ake amakhala otani?"

"Ofunda. Osawotcha, osazizira."

"Chifukwa chiyani? Si wakufa kale?"

"Aa, Shehe, mukundiyesa? Mtembo sitiugwira mwankhanza. Timautembenuza ngati khanda, titaufunditsa nsalu."

"Ngakhale wa chidakwa?"

"Ngakhale wa wakuba. Ine sindiweruza, ndimangosambitsa."

"Jafali ndi wa mzikiti uno," anatero Shehe motsitsa mawu. "Akamunyonga, mayi ake n'kupatsidwa thupi, galimoto idzaima pano. Tidzatuma munthu kwa inu."

Che Mkwanda anawerama.

"Mudzaitane wina. Khosi limenelo sindingaligwire."

"Mukuopa?"

"Ayi, Shehe. Ndingalifinye."

Shehe anasendera pafupi n'kuwagwira dzanja.

"Mwanena zoona, ndipo Mulungu amakonda wonena zoona. Tsono mverani. Boma likamapha, liphe msanga, popanda chipongwe, pakuti chilango ndi imfayo. Ululu wowonjezera umachokera mumtima mwathu, osati m'lamulo. Ngati mungathe kumutenthetsera madzi Jafali n'kumusambitsa monga mumasambitsira ena onse, pitani mukapemphe chingwe, chimenecho n'chilungamo. Ngati simungathe, Lolemba mukawauze akhoti za Imedi, mmene analili ndi mmene anafera, osasiyako kanthu. Koma za chingwe mukasiyire munthu amene angathe kumusambitsa."