Mkamwini Amene Anafuna Kutola Nsomba Nyanja Itathawa

Kalekale, kutali uko kunyanja yamchere, kunali mudzi wa anthu ophika mchere. M'mudzimo munadzakwatira mwamuna wakumapiri, dzina lake Msakambewa. Kulima ankadziwa, kusema mipini ankadziwa, koma zam'madzi ayi ndithu. Bwato ankaliopa, nkhanu ankaithawa, ukonde ukamukola miyendo ankaitana mkazi wake, Sakina. Koma pakamwa pokha, eee, panalibe chomwe sankadziwa!

Tsiku lina m'mawa nthaka inagwedezeka. Miphika inagubuduzika, nkhuku zinabalalika, oimirira anagwa chagada. Chivomezicho chinakhalitsa. Chitaleka, Msakambewa anasansa fumbi nati, "Kameneka? Kwathu kotere sitidzuka nako n'komwe."

Posakhalitsa anaona zachilendo. Nyanja ikubwerera m'mbuyo, ikubwerera, ikubwererabe. Miyala yomwe sinaonepo dzuwa inatulukira. Nsomba zinatsala pamchenga zikuphiriphitha.

Msakambewa anatola dengu. "Akazi anga, lero mundidziwa! Paja mumati sindingaphe nsomba?"

Sakina anamukoka malaya. "Abambo, tayani dengulo. Tiyeni kuphiri."

"Ndiwo zonsezi tisiye?"

"Nyanjayo ikubweranso, ndipo ikubwera moipa. Berekani amayi, ine nditenga mwana."

Amayi ake a Sakina anali ofooka miyendo. Tsono kwawo kwa Msakambewa, mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatukira patchire. Choncho Msakambewa anafunsa modabwa:

"Apongozi? Kumsana kwanga ine?"

Apongoziwo anati, "Akamwini, manyaziwo mukachitire pamwamba paja. Weramani."

Anawerama. Anawabereka. Anathamanga, mudzi wonse ukukuwa, "Kumtunda! Kumtunda!"

Atangofika pamwamba anamva mkokomo ngati wa mvula yamatalala. Pocheuka, anaona madzi akuda ataima kutalika kuposa denga la nyumba. Madziwo analowa m'mudzi, nakokolola nyumba, mabwato, ndi mchere wa chilimwe chonse. Mchenga uja ankafuna kutolapo nsomba sunaonekenso. Msakambewa anakhala pansi.

Madzi atabwerera, iye anadzuka. "Basi, zatha. Ndikaone ngati khasu langa lilipo."

"Khalani pansi, abambo," anatero Sakina. "Limenelo ndi funde loyamba chabe."

Funde lachiwiri linabwera, lalikulu kuposa loyamba. Lachitatu nalo linabwera. Apo ndi pamene Msakambewa anafunsa, mawu ali pansipansi, "Mphepo kunalibe, mitambo kunalibe. Nanga madzi amenewa akuwakankha ndani?"

Sakina anati, "Kuno mwana aliyense amakula akudziwa. Pansi pa nyanjapo pali matanthwe aakulu ngati mayiko, ndipo amakankhana. Lina limalowa kunsi kwa linzake pang'onopang'ono, ngati mmene chimakulira chikhadabo. Akakolana, lapamwambalo limapindika ngati nsungwi ya msampha, zaka ndi zaka. Tsiku lofwamphuka, nthaka imagwedezeka, ndipo thanthwelo limanyamula madzi onse ali pamwamba pake."

"Onse?"

"Kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pakati pa nyanja fundelo limakhala lalifupi koma laliwiro, moti msodzi akhoza osalimva. Likafika posaya, kutsogolo kumachedwa, kumbuyo kukukankhabe, ndiye limadzuka n'kuima. Nthawi zina limayamba lakoka madzi a m'mphepete, monga munaonera."

Msakambewa anakanda mutu. "Inenso ndimaganiza choncho."

Phiri lonse linaseka, ngakhale amene misozi inali m'masaya. Anawerengana banja ndi banja, ndipo palibe amene anasowa. Anakhala pamwambapo mpaka nyanja itakhazikika. Pomwe ankanyamuka kuti akaone chotsala, apongozi anakweza manja nati, "Akamwini, msana wanuwu ndi wabwino. Potsikanso ndi womwewu."

Ndipo anawerama, osadikira kuuzidwa kawiri.

Tsono inu mukundimvanu, mukadzapezeka kunyanja yaikulu nthaka n'kugwedezeka nthawi yaitali, musadikire, kwerani. Nyanja ikabwerera m'mbuyo, musatole kanthu, kwerani. Funde loyamba likapita, musatsike msanga. Ndipo kwa eni, funsani musanatole dengu.

Nthano yanga yafika pouma, ine ndatsikira pomwepa.